PhD ku England: maphunziro apambali, mpikisano wa mphindi zitatu, komanso a supervisor anga

Inu amene mwalandira kalata yoti mukachite PhD ku Britain, kapena mukuidikirabe, pali mbali ina ya maphunzirowa imene kalatayo siitchula. Imanena mutu wa kafukufuku wanu, mayina a anthu awiri amene adzakuyang'anireni, ndalama za fizi ndi tsiku loyambira. Koma mukangofika n'kutsegula imelo ya pasukulu, mupeza mauthenga ambirimbiri ochokera ku ofesi yoona za ophunzira a kafukufuku, imene kwina amaitcha Graduate School, kwina Doctoral College. Amakuitanirani ku maphunziro a theka la tsiku, ku magulu olembera limodzi, ku mipikisano ndi ku zionetsero za mapositala. Anzanga ambiri ochokera kuno ku Africa ankangofufuta mauthengawa osawerenga, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka. Thandizo la ndalama ndi la zaka zitatu basi, viza ili ndi malire, kumudzi akudikira. Munthu angapite bwanji kukamvera za kuyankhula pagulu pamene masampulo akumudikira mu firiji?

Ine ndinkapitako, ndipo zambiri zimene zinandithandiza kumaliza ndinaziphunzira m'zipinda zimenezo. Kafukufuku wanga anali wa chuku mu mtedza, makamaka poizoni wa aflatoxin amene chukucho chimatulutsa, ndipo ndinkachitira kwa alimi a ku Mchinji ndi kumadzulo kwa Lilongwe. Kuyeza masampulo mu labu anandiphunzitsa bwino lomwe. Koma kugwira ntchito ndi munthu wokuyang'anira, kulemba tsiku ndi tsiku ngakhale mtima usakufuna, ndi kufotokozera munthu wamba zimene wapeza, zimenezi labu siphunzitsa.

Maphunziro apambaliwa sanangoyamba okha. M'chaka cha 2002, Sir Gareth Roberts anapereka ku boma la Britain lipoti lotchedwa SET for Success. Linaonetsa kuti anthu ankamaliza PhD akudziwa mozama kagawo kamodzi ka sayansi, koma olemba ntchito ankadandaula kuti luso lina lofunika pantchito ankasowa nalo. Lipotilo linalimbikitsa kuti wophunzira aliyense azikhala ndi milungu yosachepera iwiri pa chaka ya maphunziro otere, ndipo boma linaikapo ndalama. Pambuyo pake bungwe la Vitae linakonza ndondomeko yotchedwa Researcher Development Framework, imene pa nthawi yanga inkagawa luso la wochita kafukufuku m'zigawo zinayi: nzeru ndi luso la kafukufuku weniweniyo, kudziyendetsa wekha, malamulo ndi kayendetsedwe ka kafukufuku, komanso kufikitsa zimene wapeza kwa anthu ena. M'miyezi yoyambirira mudzapatsidwa fomu yochokera pa ndondomekoyi kuti mulembe pamene muli ofooka. Musachite manyazi poilemba. Fomuyo si mayeso, ndipo ndi imene mudzaonetse mukamadzapempha ndalama zokaphunzirira luso lina ku yunivesite ina.

Si onse maphunzirowa amene ali abwino. Ena munthu amangowerenga zimene zili pa sikirini kwa maola awiri, inu n'kutuluka momwe munalowera. Njira yodziwira ndi kufunsa ophunzira a chaka chachitatu, chifukwa iwo amadziwa mphunzitsi wothandiza ndi wongotaya nthawi. Kwa ine atatu anali ofunika kuwachita msanga. Oyamba ndi a pulogalamu ya R yosanthulira manambala, ndipo muwachite musanapite kukatolera deta, chifukwa amasintha ngakhale kafunsidwe ka mafunso anu. Achiwiri ndi a Zotero, yosungira mabuku ndi mapepala onse amene mwawerenga. Achitatu ndi a kasungidwe ka deta. Mnzanga wina anabedwa laputopu m'sitima muli ntchito ya miyezi yambiri, ndipo chimene chinamupulumutsa n'choti anamvera zoti zonse azisunganso pa kompyuta za yunivesite.

Koma phunziro limene linasintha zinthu kwambiri linali la momwe ungagwirire ntchito ndi supervisor, mphunzitsi wokuyang'anira pa kafukufuku. Mphunzitsi wake anatipatsa pepala lokhala ndi ziganizo ziwiriziwiri zotsutsana, pakati pake pali manambala kuyambira 1 mpaka 5. Mbali ina palembedwa kuti kuitanitsa msonkhano ndi udindo wa supervisor, mbali inayo kuti ndi udindo wa wophunzira. Zinanso zinali zotero: ndani asankhe njira ya kafukufuku, ndani aone ngati chaputala chakwanira, kodi supervisor akonze Chingerezi chako kapena ayi, kodi ayenera kudziwa mavuto ako a kunyumba kapena ayi. Anatiuza kuti tilembe tokha, tikapatsenso a supervisor athu pepala lina kuti alembe paokha, kenako tikayerekeze.

Ndinapita nalo kwa mayi amene anali supervisor wanga wamkulu. Titayika mapepala awiriwo pa tebulo, pa funso la misonkhano ine ndinali nditazunguliza 1, iwo 5. Ine ndinkadikira kuti andiitane, chifukwa kwathu mwana sagogoda pa chitseko cha akuluakulu kawirikawiri ngati kuti alibe ntchito ina. Iwo ankadikira kuti ndiwapemphe. Anayang'ana pepalalo kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Ine mukakhala chete ndimaganiza kuti zonse zikuyenda bwino. Ngati chete wanu akutanthauza zina, mundiuze lero." Tinakhala ola lathunthu tikudutsa funso lililonse, ndipo tinapeza kuti tinkasiyana pa zinthu zambiri popanda aliyense kudziwa.

Nkhani ya ulemu ndi yaikulu kwa ife, choncho ndiifotokoze bwino. Tsiku loyamba lomwe mayiwa anandiuza kuti ndiziwatchula dzina lawo loyamba, osati Pulofesa. Zinanditengera nthawi kuti lilime lizolowere. Ena amaganiza kuti kumeneko anthu alibe ulemu, koma si choncho. Ulemu ulipo, kungoti amauonera pa zina: kufika pa nthawi, kubwera utakonzeka, kuchita zimene unalonjeza, ndi kunena maganizo ako enieni. Ukavomera chilichonse ndi "inde, inde" iwo saona munthu wodzichepetsa, amaona munthu amene sanaganizepo. Ndipo ukapita osamvetsa zimene akuuza chifukwa choopa kufunsanso, wotaya miyezi ndi iwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kuchokera pa phunziro lija ndinatengera chizolowezi chimene ndikuchitabe mpaka pano. Kusanafike tsiku la msonkhano ndinkatumiza imelo yaifupi yonena zimene ndachita, pamene ndakakamira, ndi zimene ndikufuna kuti tigwirizane. Msonkhano ukatha, tsiku lomwelo ndinkalemba zimene tagwirizana n'kuwatumizira onse awiri. Mayunivesite ambiri amafuna kuti misonkhanoyi izilembedwa mwezi ndi mwezi, ndipo kwa ife a viza zolembazo ndi umboninso woti tikuphunziradi, choncho musazitenge mopepuka. Ndikatumiza chaputala ndinkanena chimene ndikufuna: kodi aone ngati mfundo zikutsatana, kapena aone manambala, kapena chinenero. Ndinkafunsanso kuti angandibwezere liti. Funso limeneli poyamba linkandilemera pakamwa, koma iwo ankalikonda, chifukwa munthu woyang'anira ophunzira asanu ndi mmodzi, amene akuphunzitsanso m'kalasi ndi kulemba zopempha ndalama, amafuna kudziwa chimene chili chachangu.

Tsiku limene ndinaona phindu la kuyankhula linali pamene tinkakonza za kotenga masampulo. A supervisor ankaganiza zoti tizigula mtedza m'misika ndi kwa mavenda, chifukwa kafukufuku wambiri amachita choncho ndipo n'kosavuta. Ndinawauza kuti kumsika sitikapeza mtedza umene anthu akumudzi amadya. Mlimi akaswa mtedza amasankha. Wabwino, wonenepa, umapita kwa venda kapena ku kalabu. Wonyala, wosweka ndi wosintha mtundu umatsala pakhomo, ndipo ndi umene amasinja kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi zothira m'phala la mwana. Ndinawauzanso kuti ambiri amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe asanayambe kuswa, ndipo chinyezi chimenecho n'chimene chuku chimafuna. Mayiwa anasiya kulemba n'kundifunsa mafunso motsatizana, kenako anati tisinthe dongosolo lonse kuti tiziyeza mtedza wotsala pakhomo pambali pa wogulitsa. Chaputala chabwino kwambiri mu thesis yanga, buku la kafukufuku wonse limene umapereka pomaliza PhD, chinachokera pamenepo. Iwo amadziwa sayansi kuposa inu, koma dziko lanu mumalidziwa ndinu, ndipo mwina n'chifukwa chake anakusankhani.

Sizinali zokoma zokhazokha. Supervisor wanga wachiwiri anali wotanganidwa kwambiri, ndipo nthawi ina anakhala ndi chaputala changa miyezi ingapo osayankha, ngakhale nditawakumbutsa. Nthawi inanso awiriwa ankandiuza zosiyana, mmodzi akufuna ndionjezere zoyeza mu labu, winayo akufuna ndicheze ndi alimi ambiri. Zoterezi musamazithetse poyesa kusangalatsa aliyense payekha. Pemphani msonkhano umene onse awiri akhalepo, muike funsolo patebulo, ndipo zimene agwirizane muzilembe. Za kuchedwa kuja, dipatimenti iliyonse imakhala ndi mphunzitsi amene ntchito yake ndi kuona za ophunzira a kafukufuku, ndipo si wa gulu lokuyang'anirani. Kupita kwa iye si kuneneza munthu. Ndinapita ndi masiku amene ndinatumiza ntchito ndi amene ndinakumbutsa, osaonjezera mawu okwiya, ndipo tinagwirizana kuti machaputala otsala azionedwa ndi munthu wina wa m'dipatimenti momwemo. Ndi bamboyo timalemberanabe mpaka lero.

Chakumapeto kwa chaka choyamba kumakhala kuyesedwa kumene ena amati upgrade, ena confirmation. Mumalemba lipoti la zimene mwawerenga ndi dongosolo la kafukufuku, n'kukaliteteza pamaso pa aphunzitsi amene sakuyang'anirani. Akakhutira ndi pamene mumakhala wophunzira wa PhD weniweni. Ofesi ija yoona za ophunzira a kafukufuku imakonza maphunziro okonzekera zimenezi, ndipo pemphaninso anzanu a m'dipatimenti kuti akufunseni mafunso ovuta tsikulo lisanafike.

Kwa amene kafukufuku wanu mudzachitira kuno kumudzi, mverani bwino maphunziro a chilolezo cha kafukufuku. Chilolezo cha yunivesite ya ku Britain pachokha sichikwanira. Mufunikanso cha kuno, kudzera m'makomiti ovomerezeka monga amene ali pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo makomitiwa amakumana pa nthawi yawo. Yambani msanga. Mtedza amakumba mvula ikatha, ndipo mukaphonya nyengo imeneyo mudikira chaka chamawa, pamene ndalama zanu sizidikira. Musananyamuke gwirizananinso ndi a supervisor za momwe muzilumikizirana. Ife tinapangana kuti magetsi kapena netiweki zikavuta, ndizitumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp wofotokoza za mlungu umenewo.

Nditabwerera ku England kukalemba inali nyengo yozizira. Mu December kumeneko kumada cha m'ma 4 koloko masana, ndipo ukhoza kutha mlungu osayankhulana ndi munthu kupatula wogulitsa mu shopu. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amafooka, ena mpaka kudwala maganizo. Chimene chinandigwira dzanja ndi gulu lotchedwa Shut Up and Write. Mumakumana m'chipinda, aliyense n'kunena mwachidule chimene akufuna kulemba, kenako mumalemba mwakachetechete mphindi 25, kupuma zisanu, n'kuyambanso. Foni m'thumba, imelo yotseka. Zimaoneka zachibwana, koma ukaona wa mbiri yakale kumanja kwako ndi wa zomangamanga kumanzere onse akulimbana ndi ndime zawo, manyazi a kuchedwa kwako amachepa ndipo dzanja limayenda. Palinso Thesis Boot Camp, imene inayambira ku University of Melbourne, kumene anthu a chaka chomaliza amatsekeredwa masiku ochepa ndi cholinga choti aliyense ayandikire mawu 20,000. Zimene umalemba kumeneko zimafunika kukonza kwambiri, komabe kukonza zolembedwa kale n'kosavuta kusiyana ndi kuyang'anizana ndi tsamba lopanda kanthu. Ndipo ngati mtima walemera kupitirira, yunivesite ili ndi alangizi a zamaganizo aulere. Anzathu ena amaona ngati kupita kumeneko n'kufooka. Ndinaona anthu olimba akuthandizika.

Tsopano za mpikisano wa Three Minute Thesis, umene ambiri amangoti 3MT. Unayambira ku University of Queensland ku Australia m'chaka cha 2008. Nthawi imeneyo ku Queensland kunali chilala, ndipo anthu ankalimbikitsidwa kusamba mphindi zitatu zokha, moti ambiri anali ndi kachipangizo kowerengera nthawi m'bafa. Pulofesa Alan Lawson, amene ankatsogolera sukulu ya ophunzira a kafukufuku kumeneko, anatengera pamenepo ganizo loti wophunzira afotokoze kafukufuku wake wonse m'nthawi yomweyo. Lero umachitika m'mayiko ambiri, ndipo pa nthawi yanga ku Britain opambana m'mayunivesite ankakakumana pa mpikisano wa dziko lonse umene Vitae inkakonza. Malamulo ake ndi ochepa koma okhwima. Chithunzi ndi chimodzi chokha, chosasuntha. Palibe nyimbo, ndakatulo kapena kunyamula zinthu zoonetsa. Ukapyola mphindi zitatu watuluka. Omvera ndi anthu ophunzira koma osadziwa gawo lako. Okonza mpikisanowu amakonda kunena kuti thesis ya mawu 80,000 ingatenge maola 9 kuiwerenga mokweza.

A supervisor anga ndi amene anandikankha kuti ndilowe. Zimene ndinalemba poyamba zinali zodzaza ndi mayina a zipangizo za mu labu, ndipo pa maphunziro okonzekera mphunzitsi anandifunsa kuti mwa anthu amene adzakhale mu holo, ndani adzasamale za chipangizo. Ndinayambiranso, ndipo ndinayamba ndi nkhani ya kwawo komweko. M'chaka cha 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England ndi matenda osadziwika, amene anangowatcha Turkey X. Pofufuza anapeza kuti zinadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil, umene unali ndi poizoni wa chuku chotchedwa Aspergillus flavus. Poizoni ameneyo ndi aflatoxin. Amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi hepatitis B, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa. Mayiko a European Union salola kuti mtedza woti anthu adye ukhale ndi poizoniyu wopyola mamayikulogalamu 4 pa kilogalamu (mayikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni imodzi a galamu). Kenako ndinkawafunsa omvera kuti mtedza umene wakanidwa ndi ogula umapita kuti. Chithunzi changa chinali cha manja awiri a mayi wina, dzanja lina lili ndi mtedza wonenepa wopita kumsika, linalo lili ndi wonyala wopita mu mtondo.

Ndinkayeserera pamaso pa aliyense wolola kumvera. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinayeserera kunyumba kwa banja lina la Amalawi, kumene tinkakonda kukumana kudya nsima. Nditamaliza anthu anaomba m'manja, koma mayi wa pakhomopo, amene ndi namwino, sanaombe. Anati, "Achimwene, zonsezo ndamva, ndipo zandiopsa. Koma amayi anga ku Kasiya atani ndi mtedza wawo? Mwatiuza vuto, nanga chochita?" Funso limenelo linasintha gawo lomaliza la zoyankhula zanga. Ndinaikamo zimene mlimi angathe popanda ndalama: kukumba pa nthawi yake, kuumitsa bwino mtedza usanalowe m'thumba, kusawaza madzi poswa, kusanjika matumba pa mitengo osati pansi, ndi kuchotsa wowola. Ndinanenanso poyera chinthu chovuta chimene ndinachipeza m'midzi, chakuti kuuza banja losauka kuti litaye chakudya n'kosavuta kwa ife amene takhuta, ndipo malangizo osaganizira zimenezi sangagwire ntchito.

Amene mukuopa kuti Chingerezi chanu chimamveka chachilendo, musadandaule nazo. Oweruza amafuna kumva ndi kumvetsa. Chepetsani mawu kuti asafike 400, yankhulani pang'onopang'ono, ndipo muzimaliza kutatsala masekondi angapo, chifukwa pa tsikulo anthu akaseka kapena mukapuma nthawi imathamanga. Chenjezo langa lalikulu ndi ili: mpikisanowu umakopa munthu kukulitsa zimene wapeza. Musanene kuti mwathetsa khansa pamene mwayeza mtedza wa m'maboma awiri. Nenani zoona zokhazokha, chifukwa mu holomo mumakhala anthu amene adzakhale anzanu pantchito moyo wonse.

Ndinapambana ku gawo lathu, n'kufika pa mpikisano wa yunivesite yonse, koma kumeneko mphoto inapita kwa ena amene anayankhuladi bwino. Zimene ndinapindula zinabwera pambuyo. Madzulo omwewo mphunzitsi wina wa za umoyo wa ana anandipeza n'kundifunsa za phala lija, ndipo patsogolo pake tinalemba limodzi pepala. Pa viva, mayeso omaliza a pakamwa amene umakhala ndi oyesa awiri, wina wa pasukulu pomwepo wina wochokera kwina, funso loyamba linali loti ndifotokoze mwachidule zimene ndapeza ndi kufunika kwake. Yankho ndinali nalo kale pakamwa, ndipo mtima unakhazikika pa maola otsatirawo. Nditabwera kuno n'kukaima pamaso pa alangizi a zaulimi ndi alimi kuwabwezera zotsatira, ndondomeko yake inali yomweyo, kungoti m'Chichewa.

Mphoto zing'onozing'ono musazinyoze. Pali za positala yabwino, za chithunzi cha kafukufuku, ndi ndalama zoyendera kupita ku misonkhano. Nthawi zambiri opempha amakhala ochepa kuposa momwe mukuganizira. Ndalama zake si zambiri, koma mukamadzapempha thandizo lalikulu mutamaliza PhD, oweruza amaona ngati ena anakukhulupiriranipo kale.

Kuyamikira si kwa ophunzira okha. Ntchito yoyang'anira wophunzira siioneka. Pulofesa amakwezedwa makamaka chifukwa cha mapepala amene wasindikiza ndi ndalama zimene wabweretsa, pamene maola amene watha akuwerenga chaputala chako usiku palibe amawawerenga. N'chifukwa chake mayunivesite ambiri ali ndi mphoto ya supervisor wabwino imene ophunzira ndiwo amasankha, ndipo pa mphoto za pachaka za Times Higher Education palinso gawo la Outstanding Research Supervisor of the Year. Imelo yopempha mayina itabwera, ine ndi anzanga amene tinali pansi pa mayi aja tinakhala pamodzi n'kulemba. Mukamalemba zoterezi musangoti ndi munthu wabwino komanso wachifundo, chifukwa aliyense amalemba zomwezo. Nenani zimene anachita. Ine ndinalemba za tsiku limene anasintha dongosolo la kafukufuku chifukwa cha zimene wophunzira wa chaka choyamba anawauza za nsinjiro. Ndinalembanso za nthawi imene kwathu kunagwa maliro a bambo anga aang'ono, iwo n'kundithandiza kulemba zopempha kupuma m'njira yoti viza yanga isasokonekere, ndipo nditabwerera sanayambe ndi kufunsa za chaputala. Mnzanga analemba momwe anamuikira patsogolo pa mayina a olemba pepala, pamene ena akanadziika okha.

Patapita nthawi nditamaliza, mayiwa anandilembera kundipempha kalata ya umboni. Ankapempha kuzindikiridwa ndi bungwe la UK Council for Graduate Education, limene lili ndi ndondomeko yotchedwa Good Supervisory Practice Framework. Supervisor amalemba yekha za momwe amagwirira ntchito, kuyambira posankha wophunzira mpaka pomuthandiza kupeza ntchito, amanena zimene waphunzira ndi zimene akufuna kukonza, ndipo amaphatikizapo umboni wa wophunzira wake wakale ndi wa mnzake wa pantchito. Zinandikhudza kuona munthu wamkulu chotero akuvomera kuti kuyang'anira ophunzira ndi luso lofunika kuliphunzira ndi kuyesedwa nalo. Ambirife timaganiza kuti munthu akakhala ndi PhD ndiye kuti akudziwa kale kutsogolera wina, pamene chimene akudziwa ndi momwe iye anatsogoleredwera, kaya bwino kaya moipa. Pamene mafunso a Postgraduate Research Experience Survey, ofunsa ophunzira a kafukufuku momwe maphunziro awo akuyendera, abwera, ayankheninso moona mtima. Sakhala ndi dzina lanu, ndipo madipatimenti amawagwiritsa ntchito poona zofunika kukonza.

Kuno kwathu zinthu zoterezi si zachilendo kwenikweni. Pulogalamu ya CARTA, imene inayamba mu 2008 motsogozedwa ndi African Population and Health Research Center ya ku Nairobi ndi University of the Witwatersrand ya ku Johannesburg, ndipo University of Malawi inali m'gulu la mayunivesite ake, imasonkhanitsa ophunzira a PhD pa masemina anayi m'kati mwa maphunziro awo, komanso imaphunzitsa oyang'anira. Koma ofikiridwa ndi mapulogalamu otere ndi ochepa, ndipo wophunzira wamba wa masters kapena PhD amalimbana yekha, nthawi zambiri akugwiranso ntchito. Chimene ndinaona n'choti zambiri mwa zimene ndafotokozazi sizifuna ndalama. Mu dipatimenti yathu timakumana Lachisanu masana m'chipinda chimodzi kulemba mwakachetechete, aphunzitsi ndi ophunzira pamodzi. Pakutha pa chaka timachita mpikisano wathu wa mphindi zitatu, ndipo amene akufuna amayankhula m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Wophunzira aliyense watsopano amene ndapatsidwa, msonkhano woyamba timadzaza pepala la manambala lija. Pafupifupi onse amazunguliza kuti kuitanitsa msonkhano ndi udindo wanga, ndipo timayambira pamenepo kukambirana.

Kwa inu amene mukadali pofunafuna malo, supervisor musamusankhe chifukwa cha kutchuka kokha. Musanavomere, pemphani kucheza naye pa intaneti. Mufunseni kuti panopa akuyang'anira ophunzira angati, amakumana nawo kangati, ndipo amatenga nthawi yaitali bwanji kubweza chaputala. Mufunseni ngati ali ndi malingaliro osamuka kapena opita kutchuthi cha kafukufuku m'zaka zitatu zikubwerazi, ndiponso ngati anayang'anirapo wophunzira wochitira kafukufuku kutali. Pomaliza mupempheni akulumikizeni ndi mmodzi kapena awiri mwa ophunzira ake akale kuti muyankhule nawo panokha. Amene amagwira bwino ntchito amapereka mayinawo tsiku lomwelo. Akazengereza, lemberani wina.